Mpeni Ulipo, Mpini Palibe

Khumi ndi iwiri yagona pathabwa,
yonoledwa, yopakidwa mafuta,
michira yake yachitsulo ili mbulanda.
Kuno ku Kautokeino dzuwa linatsanzika mu Novembala,
ndimayatsa nyale masana
n'kumayang'ana mipeni yopanda pogwira.

Bambo anga ankasankha nyanga ndi khutu.
Ankagundanitsa ziwiri, n'kupendeka mutu.
Yolira ngwee inali ya nkhunzi yokhwima,
yolimba mpaka pamtima, yoyera ngati dzino.
Yolira phu ankaponyera agalu.

Chaka chino zonse zikulira phu.

Mvula inagwa pa chipale chofewa
n'kuundana usiku womwewo.
Mphalapala zinakumba mpaka ziboda kutuluka magazi,
ndere zikuoneka pansi pa ayezi
ngati buledi pawindo la sitolo yotseka.
Mlongo wanga Heaika anagula chakudya cha m'matumba pangongole,
nkhunzi zikuluzikulu n'kukweza lole zisanaonde.
Zotsalazo, ukadula nyanga,
m'kati muli timabowo tokhatokha.
Mphepo ikhoza kudutsamo.

Ndinaimbira wamalonda wa kutsidya kwa malire.
Anaseka.
Imani pamzere mayi, anatero,
opanga mabatani ali kutsogolo,
ogulitsa zotafuna za agalu a m'tauni ali kutsogolo kwa iwowo.
Galu wa ku Oslo akudya mpini wanga
atagona pakapeti.

Ndiye ndinayamba kufunsa zinthu zina.
Mfundo ya mtengo wa khungwa loyera inavomera,
koma inkafuna zaka ziwiri kuti iume.
Khungwa lakelo ndinadula tizidutswa makumi asanu,
kutunga pamchira ngati mikanda,
n'kufinya usiku wonse: lofunda m'manja, inde,
koma singano yanga yolembera inasowa poyenda.
Fupa la mwendo wa ng'ombe linanunkhitsa nyumba
n'kung'aluka tsiku lachitatu.

Usiku wina, pofuna chigamba chopukutira guluu,
ndinapeza ovolosi ya bambo kuseri kwa chitseko,
mawondo otuwa, thumba likadali ndi utuchi wa nyanga.
Ndinaima nthawi yaitali.
Kenako ndinatenga sizasi.

Chidutswa, utomoni, chidutswa, utomoni,
mpaka makumi atatu,
n'kupana pakati pa matabwa mpaka kugwira ngati mwala.
Tupa itayamba kudya, mizere inatuluka yokha,
yobiriwira, yotuwa, ina yakuda ndi mafuta akale,
yokhotakhota ngati mtsinje ukauonera paphiri.
Palibe chimene ndinalembapo.
Mawondo a bambo anali atalemba kale.

Ndinatumiza kwa mkulu wina wa ku Hamburg
amene anadikira miyezi isanu ndi inayi.
Unabwerera m'bokosi lomwelo, ndi kakalata kaulemu:
ntchito yabwino, koma ine ndinkafuna weniweni.
Ali ndi kabati yagalasi, ndinamva,
mipeni makumi asanu ndi limodzi
yosadziwa kukoma kwa nyama.

Ndinabweza ndalama. Sindinalire,
ndinangotukwana ketulo.

Mu Julaye, dzuwa likukana kulowa,
tinali kukhola la kuphiri kudula makutu a ana a mphalapala,
banja lililonse chizindikiro chake.
Udzudzu, fumbi, kulira kwa amayi ofuna ana.
Wa Heaika unagwera m'matope, ndinamupatsa uja.
Anagwada, mwana pakati pa miyendo,
kudula kawiri kumanja, kamodzi kumanzere,
dzanja lonyowa ndi magazi ndi thukuta.
Anautembenuza, kuuyang'anitsitsa,
chala chachikulu chikusisita mzere wotuwa uja.
Sanafunse.
Suterera, anangotero, n'kuulowetsa m'lamba wake.

Mwanayo anadzuka n'kuthawa,
pamutu tinundu tiwiri tofewa ngati zala za khanda.
Mupatseni zaka zisanu ndi chimodzi,
ngati mvula ya mu Januwale ingamusiye,
ngati lole singamufune.

Khumi ndi umodzi ikadali pathabwa.
Ovolosi yatsala mwendo umodzi ndi msana.