Kabokosi

Ku Toledo chipale chofewa chagwa usiku wonse.
Lavon ali m'laibulale, fomu ya yunivesite patebulo,
cholembera chaima pafunso lachisanu:
Kodi munamangidwapo?

Anali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Galimoto ya eni, usiku umodzi,
miyezi khumi m'ndende.
Lero imvi zatuluka m'ndevu,
mwana wake wayamba kuwerenga yekha,
koma kompyuta siikalamba, siiwala kanthu.

Kufakitale ya magalasi anamugwira chanza Lolemba.
Atafufuza dzina lake,
foni inangoti zii.

Akuti mlandu suola.
Nanga mnyamata anaupalamula uja ali kuti?
Lavon atakumana naye pamsewu
sangamuzindikire.

Kabokosiko n'kochepa ngati chikhadabo.
Wachonga "Inde."
Kenako wadzuka kukapempha pepala lina
loti alembepo zaka zotsalazo.