Tsamba Limodzi Lokha

Ndabweranso, a Sajeni Chadzunda,
kachinayi tsopano.
Benchi yanuyi yandizolowera.

Sindikufuna zambiri:
tsamba limodzi la m'buku lakuda lija,
la usiku wa Lachitatu
umene Fanuwelo ndi njinga yake ya kabaza
anapezeka m'ngalande ku Mchesi.
Anaimba foni ndani? Nthawi yanji?
Galimoto yanu inafika magazi asanaume,
kapena mafuta munalibe?

Munati ndipite kukhonsolo.
Ndinakwera minibasi ziwiri.
Kumeneko anati za magetsi akufa a mumsewu
zili m'failo, failo ili m'kabati,
wosunga makiyi ali kumaliro ku Mitundu.
Ndinaseka. Maliro ndiye ndikuwadziwa.

Chidindo chanu chauma inki,
mukuchiuzira mpweya ngati munthu wokomoka.
Mphwanga sanauziridwe choncho.

Lisiti lanu ndi ili,
lafewa ndi thukuta m'thumba la malaya.
Mwana wake wayamba kuwerenga zikwangwani;
tsiku lina adzandifunsa,
ndipo sindifuna kudzamuyankha ndi "akuti".

Ndibwere mawa? Chabwino.
Mundisungire malo kumapeto kwa benchi,
pafupi ndi zenera losweka lija.
Kumalowako kamphepo.