Mamilimita Asanu

Zaka makumi awiri ndakhala ndikuyendetsa chikepe
chokwera phiri muno m'Valparaíso.
Ndi mabokosi awiri pa chingwe chimodzi:
lina likamakwera, linzake limatsika,
limodzi likaima, onse aima.
Sindinkadziwa kuti nacho chifuwa changa
chimaima usiku pakati pa phiri.

Ximena ndiye ankawerenga.
Akuti mkonono sunali nkhani,
kuno timagona ngakhale chivomezi chikuliza mbale.
Chinkamudzutsa ndi kamphindi kaja
mkonono ukaduka, chipinda chili zii,
iye n'kumawerenga chamumtima,
khumi, khumi ndi zisanu, makumi awiri,
chigongono chitaloza nthiti zanga,
mpaka ine n'kuvuuka ngati munthu womira.

M'mawa ndinkakana kwamtuwagalu.
Ine? Ndagona bwinobwino.
Koma mutu uli waa, kukhosi kuli gwaa,
ndipo Lachiwiri lina masana
ndinasinza dzanja lili pa buleki.
Mayi wina wonyamula nsomba m'nyuzipepala
anangondiyang'ana, osanena kanthu.
Maso amenewo ndiwo ananditengera kuchipatala.

Ndinagonako usiku umodzi, mawaya ali mbwee pathupi.
Pepala linati mpweya umandithawa
maulendo makumi awiri ndi asanu pa ola.
Makina opopera mpweya ndinawayesa milungu itatu,
ndinkadzuka nditawavula kutulo,
akupuma okha pansi pa bedi.

Dokotala wa mano, Mayi Arancibia,
wamfupi, magalasi akulendewera pachifuwa,
anandilumitsa phala lozizira kuti atenge chikombole.
Mukagona lilime limagwera m'mbuyo, anatero,
n'kutseka njira.
Tingokokera chibwano kutsogolo pang'ono.
Pang'ono bwanji?
Mamilimita asanu.

Ndinaseka phala likadali m'nkhama.
Ukwati wanga, ntchito yanga, anthu onse aja m'bokosi,
zonsezo zapachikika pa kampata
kosakwana chikhadabo cha khanda.

Kanabwera m'kabokosi kabuluu,
mano anga omwe, osemedwa m'pulasitiki,
mpaka dzino lija linabenthuka pa mpira
ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.
Mlungu woyamba kunali dovu papilo,
nsagwada zikuwawa ngati ndatafuna chikopa.
M'mawa mano akumwamba ndi akunsi osakumana,
ngati abale oyambana,
buledi ndinkayamba ndamuviika m'tiyi.
Pofika teni koloko anali atagwirizananso.

Za dovu anandichenjeza.
Za maloto palibe anandiuza.

Ndinali nditaiwala kuti munthu amalota.
Usiku wachisanu ndi chinayi ndinakwera chikepe changa,
nkhungu itakuta doko lonse,
ndipo m'bokosi lotsika munali Baldomero, mkulu wanga,
amene bwato lake linabwera lokha ku Caleta Portales
chaka chomwe ndinakwatira.
Anali m'juzi yake yobooka pachigongono.
Tinaphonyana pakati pa phiri,
pomwe mabokosi amatsala pang'ono kukhudzana,
iye anakweza chipewa
monga amachitira aliyense wodutsa.
Ndinafuna kumutchula dzina,
koma m'kamwa munali modzaza pulasitiki.

Ndinadzuka masaya ali chonyowa.
Ximena anali maso, dzanja lake pachifuwa changa.
Wamva chiyani? ndinafunsa ndi mawu achibwibwi.
Palibe, anatero, ndiye vuto lake.
Ndikudikira poyambira kuwerenga.
Gona, Eleuterio, ndizolowera.

Kunja agalu a m'masitepe ankayankhana,
sitima ina inalira padoko.
Zonsezi zinkachitika usiku uliwonse,
ine ndinkaziphimba.

Tsopano m'mawa ndimakatsuka ndi madzi ozizira,
otentha akuti amakapinda,
ndi mswachi wakewake wa chogwirira chobiriwira.
Ndimakasiya pawindo kuti kaume,
kakusekerera phiri ndi mano anga.
Mwezi wamawa Mayi Arancibia akakapotokolanso pang'ono.
Sindinawauze za Baldomero.
Sanabwerenso,
koma usiku uliwonse ndimaluma kanthu kanga,
n'kutseka chitseko cha bokosi,
n'kumasula buleki.