Nachesi pa Bedi Naini

Ndimatsika kombi m'tauni kusanache bwino,
nsapato zoyera zili m'jumbo kuopa fumbi,
n'kuyenda wapansi mpaka ku Parirenyatwa
ndikuponda maluwa a jakaranda amene agwa usiku.
Okutobala uno akutentha ngati tili naye ngongole.

Pa bedi naini pagona a Mpatsa a ku Mufakose.
Zaka makumi atatu anaphikira mabwana ku Borrowdale;
lero khansa yawatseka kummero,
ngakhale malovu awo omwe amadutsa mochita kupempha njira.

Tsiku loyamba anandiyankha m'Chishona, mwaulemu,
ngati munthu woyankha wapolisi.
Koma ululu sulankhula chinenero chobwereka.
Pakati pa usiku ndinamva, "Mayo ine!"
ndipo mawu anandipulumuka okha: "Pepani, bambo."
Anatsegula maso.
"Ndiwe mwana wa yani?"
Ndinati bambo anga anachokera ku Ntcheu ali mnyamata,
ine ndinabadwira ku Mabvuku, Chichewa changa n'chazigamba.
Iwo anati, "Zigamba ndizo zimasunga malaya."

Ntchito yanga ilibe zozizwitsa.
Ndimawatembenuza maola awiri aliwonse kuti msana usabuke zilonda,
ndimapaka mafuta pa milomo yong'aluka,
ndimasintha nsalu ndikuyang'ana kumbali
kuti ulemu wawo utsale pomwepo.
Ndisanathire mofini m'chubu ndimafunsa:
ululu wafika pati, kuyambira ziro mpaka teni?
Amati manambala ndi a anthu a kubanki.
"Lero ndi khala limodzi."
Tsiku lina: "Lero mbaula yonse."
Ndimalemba momwemo m'mphepete mwa faelo,
adokotala anazolowera.

Mwana wawo Eluby ali ku Joni.
Amatumiza ndalama pafoni, ndi mawu ojambula
amene amathera m'misozi.
Ndimawayikira foniyo pakhutu kawiri, nthawi zina katatu.

Phala lathu amangolinunkhiza lisanalowe m'chubu.
"Lapserera pansi ili. Wophika wake anali ndi maganizo."
Ndinakafunsa kukhitchini. N'zoona,
mayiyo anali atachoka kumaliro.

Lachinayi, adokotala atatha kufotokoza
kuti chotupacho chafika pomwe makina sangachibweze,
kunakhala zii.
Sindinawauze kuti alimbe mtima;
anthu awalimbitsa kale mpaka kutopa.
Ndinakoka mpando.
"Bambo, lero mukufuna chiyani?"
Ndinkayesa anena m'busa, kapena Eluby.
Anati, "Nachesi."

Pageti, mayi wogulitsa anandipatsa zitatu pa dola
n'kuyikapo ina yabasera.

Manja aja amene amanjenjemera pogwira kapu
anakhazikika.
Chala chachikulu chinalowa pamchombo pa chipatso,
khungu linatuluka limodzi, lalitali, osaduka,
ngati lamba.
Fungo linadzaza wodi yonse,
mankhwala okolopera anagonja.
Mnyamata wa pa bedi seveni, amene sanalankhule chibwerereni,
anadzutsa mutu.

A Mpatsa anagawa zidutswa m'mbale ya mapilitsi,
anachotsa ulusi woyera umodziumodzi,
n'kundituma ngati wetala:
"Yambira uko kuzenera. Wamkulu adye kaye."
Chotsala anachifinyira pa lilime,
dontho limodzi,
n'kutseka maso nthawi yaitali.
Sanameze. Sanafunikire kumeza.

Pa fomu yathu pali mzere wa kutentha kwa thupi,
wa kuthamanga kwa magazi, wa mkodzo.
Ndinafunafuna polemba kuti
lero khukhi wagawa chakudya, anthu adya.
Panalibe.

Mawa akuti ndiwamete ndevu,
mdzukulu akubwera kudzaphunzira kutsuka chubu
kuti Loweruka akagone kwawo,
pafupi ndi mtengo wa mapeyala umene anadzala okha.
Masiku atsala angati sindikudziwa,
ndipo iwo sanandifunse.

M'kombi yobwerera, titapanikizana anayi pampando,
mayi wina anacheuka n'kufunsa wadya nachesi ndani.
Ndinabisa manja m'thumba.
Sindinafune kuti fungolo lithe msanga.