Theka la Lita

Nubia walemba mzere pabotolo ndi penti ya zikhadabo.
Madzi a tsiku lonse ndi amenewa, bambo.
Ndimaliika pawindo, n'kumaliyang'ana cham'mbali
ngati galu wa eniake
amene sudziwa ngati amaluma.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndinadula nzimbe kuno ku Chichigalpa.
Ankatentha munda usiku, ife n'kulowa mbandakucha
phulusa likadali lofunda kuphazi,
kapitawo Ovidio ali pamthunzi wa thirakitala, kukuwa:
imwani madzi, anthu inu, imwani!
Ndinkamwa, dzuwa n'kulanda onse
ndisanafike kumapeto kwa mzere.
Lero dokotala, ndi mawu ofatsa,
akuti musamwe.

Lolemba, Lachitatu, Lachisanu,
basi yachikasu ya ku León.
Mkono wamanzere ndimaufukata ngati khanda,
poti muli mtsempha umene anausoka,
umene umang'ung'udza ngati njuchi m'kabokosi ka machesi.
Ndikadzuka ndimayamba kugwira pamenepo
ndisanagwire kolona.
Njuchiyo ikadzakhala chete, anatero, mudzathamange.

Sikelo ya pakhomo ndi wansembe wouma mtima,
umaulula usanatsegule pakamwa.
Makilo atatu, a Filemón, mwadya chiyani?
Chivwende, mayi. Kachidutswa chabe.
Chinali chofiira kwambiri.

Kenako maola anayi pampando.
Magazi anga amatuluka kukayenda m'timapaipi,
makina n'kugwira ganyu imene impso zinaithawa,
ndipo amabwerera atazizira, ngati mlendo.
Mpando wa pambali panga unali wa Eulalio,
katswiri wobera njuga ndi dzanja limodzi.
Mu Okutobala mtsinje unameza mlatho,
iye anaphonya kawiri.
Pano pamakhala mtsikana wosayankhula,
maso ake ali kudenga.

Magetsi akazima timamvetsera jenereta
ikutsokomola, ikutsokomolanso,
ikagwira, tonse khumi ndi awiri timapumira limodzi.

Mvula ikayamba malata amalira usiku wonse.
Migolo imasefukira, matayala akale, zigoba za kokonati,
dziko lonse limamwa mpaka kugeya,
ine ndili gone chagada
ndikuyamwa kachibenthu ka ayezi pang'onopang'ono
kuti kasadziwe kuti ndikukafuna.
Nubia amazungulira nyumba ndi tochi
kukhuthula chilichonse chosunga madzi,
poti udzudzu wa miyendo yamawangamawanga
umaswana ngakhale m'kachivindikiro,
ndipo dengi imene inagoneka mdzukulu wanga sabata imodzi
ine singandidikire sabata.

Chithaphwi cha mumsewu ndimachilambalala.
Kabala ka pachala ndimakaona m'mawa, masana, madzulo,
ngati ngongole ya katapila.

Mango a kuseri apsa.
Mtengowo ndinaubzala chaka chimene Nubia anabadwa,
tsopano uli pamndandanda wa zoletsedwa
pamodzi ndi nthochi, mapeyala ndi mchere.
Amagwera pamalata usiku, phu!
ine n'kudzidzimuka ngati andiitana dzina.
Dzulo ndinatola limodzi,
ndinalinunkhiza mpaka manyazi anandigwira,
n'kuliponyera nkhumba.

Lero phiri la San Cristóbal likufuka utsi woonda.
Nyengo yodula yatsala masabata awiri.
Mwana wa Eulalio wadutsa pampanda,
ndevu zisanamere bwino,
chikwanje cha bambo ake chili paphewa,
chigwiriro chake chokulungidwa ndi mphira womwe uja.
Ndamuitana. Waima.
Ndinali ndi mawu ambiri,
koma kwawo kuli ana anayi ndi mayi wamasiye,
ndipo kuno ntchito ina ndi iti?

Ndangoti: chigubucho wadzaza?
Wachikweza m'mwamba, madzi n'kuchita khuvu,
waseka, wapita.

Ndabwerera pawindo.
M'botolo mwatsala zala ziwiri,
ndipo dzuwa silinafike n'paliwombo pomwe.