Anthu Onse Amakhala Nambala Yanji?

Kalata idabwera Lachiwiri, pamodzi ndi bilu ya gasi.
Ndidaiwerenga chiimire, jekete ndisanavule.
Idati nyumba yanga, nambala 41, igulidwa
ngakhale sindidaiikepo pamsika.
Idati n'zokomera anthu onse.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndidaidyetsa banki nyumba imeneyo,
ndikusambitsa nkhalamba za eni m'mashifiti a usiku,
ndikubwerera m'mawa, mvula ya ku Salford ili m'nsapato.
Pa felemu ya chitseko cha kukhitchini
padali mizere ya pensulo, msinkhu wa Ndaziona
kuyambira ali kamwana mpaka atandipitirira.
Wowerengera mtengo adabwera ndi kamakina kowala,
adayeza khoma, adayeza denga, adalemba chinyontho cha kubafa.
Mizereyo adaitsamira ndi phewa.

Adatiitana ku holo ya laibulale,
tiyi ndi mabisiketi zili pakhomo.
Patebulo, pansi pa galasi, mudzi wathu wamawa:
tinyumba tosanja, timitengo ta pulasitiki,
tianthu tonyamula makapu a khofi.
Ndidawerama kufunafuna kamunthu kovala yunifomu yabuluu,
kapena ka ndodo ngati Mayi Hatherley a pa 39
amene adabadwira mumsewu uno utsi wa malasha usanathe.
Sindidakapeze.

Bambo Oyelaran, osoka nsapato, adakweza mkono:
Msewu wa sitima ndikadamva, chipatala ndikadamva,
ndikadanyamula ndekha makina anga.
Koma mukundilanda ine kuti mupatse kampani
igulitse kwa amene ali nazo kale.
Anthu onsewo ndani?
Loya adamwetulira, adatchula ntchito mazana atatu,
adatchula misonkho, adatchula paki.
Madzulo ndidamuona akukwera galimoto imodzi ndi bwana wa khonsolo,
ambulera imodzi, onse awiri osanyowa.

Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe.
Tidasaina anthu mazana awiri ndi khumi ndi anayi,
Gurdev wa kusitolo akusunga mapepala pafupi ndi mkaka.
Nsabweyo idangonenepa.

Ndalama yake amaitcha chipukutamisozi.
Kansalu kake kanali kakang'ono:
sikadagule ngakhale chipinda chimodzi pamalo pomwepo.
Adati ena mudzabwerera, tasunga nyumba zotsika mtengo.
Fodya wapachala ameneyo.
Mphepo idawomba pamsonkhano wina umene sitidaitanidwe,
makumi asanu ndi limodzi adasanduka khumi ndi ziwiri.

Mayi Hatherley adamwalira m'nyumba ya okalamba ku Bolton,
akufunsabe amene adasiya zenera lawo lotsegula.
Ine ndili ku Rochdale, mabasi awiri.

Ndipo onani mmene dziko limasekera:
ejensi yandituma kukakolopa pomwepo.
Chikepe chagalasi, dzina latsopano la golide pakhoma.
Pa nsanjika yachinayi, kumanzere, pamene padali sinki yanga,
pali nyumba imene mwini wake sadagonemo.
Mipando ikadali m'mapulasitiki.
Ndimapukuta fumbi losaponda munthu,
ndimatsegula mpope mphindi ziwiri kuti mapaipi asanunkhe.

Paki ilipodi, sadaname.
Udzu wometa bwino, benchi yogawidwa ndi zitsulo kuti wina asagonepo,
chikwangwani chikuti ndi ya aliyense
mpaka sikisi koloko.
Mlonda wake ndi mwana wa Bambo Oyelaran,
amandipatsa moni, kenako amapempha khadi.

Usiku ndikamatuluka ndimaima pa mabatani a pakhomo,
mazana atatu, opanda ndi dzina limodzi.
Mazenera oyaka ndimawerenga: dzulo analipo naini.
Kalata ija ikadali m'chikwama, yathetheka m'mapindo.
Ndikufuna ndiipereke kwa eni ake,
ndiwauze kuti zawo zija zidatheka,
angondiuza belu loti ndiimbe.