Thabwa Lonyowa

Mvula yagwa masiku asanu osakata.
Phiri lafunda nkhungu mpaka kumapazi,
ndipo matewera ako, Upile,
angolendewera pachingwe m'khonde,
akukana kuuma.

Amayi ako ali ku Chirunga, akulemba mayeso.
Andisiyira iwe, mkaka wofinya m'kapu,
ndi malangizo amene ndinangoti eya, eya,
maso ali pa mpando wa kasitomala.

Usiku unalira mpaka agalu a ku Chinamwali analeka kuyankha.
Ndinati ndi njala. Ndinati ndi m'mimba.
Kutacha, pomasula thewera, ndinaona:
psuu!
Tiziphuphu ndii m'mphechepeche,
khungu lanyuka ngati lapsa ndi madzi amoto.

Ine, mmisiri wodziwa ndi chala chimodzi
pamene mkungudza wakana landa,
osadziwa kuti mwana wanga wagonera moto.

A kuseri kwa mpanda anati thira paudala wambiri.
Ena anandiyang'ana cham'mbali:
kodi simunamusemphe mwanayu?

Ku Matawale, Mayi Kachingwe sanaseke.
Anakutembenuza pang'onopang'ono, nafunsa ntchito yanga.
Ukalipentala, mayi.
Ndiye tandiuzani, bambo,
thabwa lonyowa mumalipaka vanishi?

Ndinangoti kukamwa yasa.

Tsopano ndaphunzira ntchito ina.
Ukangonyowetsa, ndikusintha,
ngakhale guluu akuuma pa mwendo wa tebulo.
Madzi ofunda, oyesa ndi chigongono.
Sopo wonunkhira uja ndamubisa pamwamba pa kabati.
Sindipukuta ngati ndikukwecha thabwa, ayi,
ndimangogunditsa kansalu, apa, apa, ndi apa,
manja a zikang'awa akuphunzira ulemu.
Kenako ndimadikira.
Kudikirako ndiye kovuta.
Ugone pachitenje wopanda kanthu,
mphepo ya kuphiri ikupite.
Ukauma, ndipamene ndipaka mafuta aja,
ndi kumanga thewera mosathina,
zala ziwiri zizilowa.
Kabudula wa pulasitiki ayambe wapuma.

Matewera ndimatsukuluza katatu
mpaka madzi aleke thovu.
Dzuwa likakana, simbi ya makala ilipo;
ndasita mpaka pakati pa usiku,
ine amene malaya anga sindinawasitepo.

Anati pakapita masiku atatu osasintha,
kapena pakatuluka mafinya, thupi likatentha,
ndibwerere msanga, ndisafunse a kuseri.
Ndawerenga masikuwo ndi pensulo ya kukhutu
pa chipupa, pafupi ndi ngongole za misomali.

Lero ndi lachitatu.
Nkhungu yakwera, Mulunguzi akumveka patali,
kufiira kwazilala, kwatsala ngati mbandakucha.
Wagona chagada, ukupalasa njinga yosaoneka,
ndipo taona, wandithira mkodzo pamalaya
uku ukuseka ndi nkhama zokhazokha.

Thira, mwanawe, thira.
Amayi ako akatsika minibasi madzulo
adzafunsa za mpando wa eni ake.
Ndidzati sunathe.
Ndinali ndi thabwa lina lofewa,
lofuna kuuma kaye.